Ndere Yofiira m'Galasi la Achimwene

"Mukufuna mundiphere mwamuna ndi mchere wanuwo, alamu? Tulutsani ndowayo!"

Anakuwa choncho alamu anga, akazi a achimwene, ataima pakhomo la kuchipinda manja ali m'chiuno. Ine ndinali nditagwada pansi, mkono uli m'ndowa mpaka m'chigongono, ndikutakasa madzi kuti mchere usungunuke. Achimwene anali gone pabedi, miyendo yawo yotupa itasanjikidwa pamapilo.

"Kodi ndikuwamwetsa?" ndinatero. "Mwandiona ndikuwatsegula kukamwa? Madzi awa ndi a nsomba."

"A nsomba, a nsomba! Kuchipatala anati chiyani? Sanati mchere ayi? Nyumba yonse tikudya ndiwo zopanda mchere ngati tonse tadwala, inu n'kumabwera ndi thumba lathunthu kudzakhuthulira m'chipinda cha wodwala."

"Anati asadye. Sanati asauone."

"Mukundiyankha choncho chifukwa munafika fomu folo?"

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo sindinabisirepo munthu. Ndinaimirira, madzi akuchucha m'zala, n'kuwauza kuti fomu folo siinalakwe kanthu, cholakwika ndi mutu umene umamva theka la mawu a dokotala n'kutaya theka linalo panjira. Anatuluka akulira. Sanapite kutali: anakaitana azakhali awo.

Nsomba zimene tinkakanganirana zinali m'thanki ya galasi, kutalika ngati tebulo la pasitolo, imene achimwene anabwera nayo kuchokera ku Kepi. Kwathu kupita kum'mwera ndi mwambo. Agogo anakumba m'migodi, bambo athu anagwira m'mafamu, achimwene anapitirira mpaka anakafika kunyanja ya mchere, n'kulowa ntchito m'nyumba ya mzungu wina. Anachoka ine ndili kusekondale, anabwerako ine ndili ndi imvi m'ndevu. Zaka zonsezo ankangobwera pa Khirisimasi, nthawi zina osabwera n'komwe, ndipo alamu ndi amene ankalima kachewere, kulera ana mpaka kukwatira, ndi kuyang'anira amisiri pomanga nyumba.

Mzungu uja atakalamba anatsatira ana ake kutsidya kwa nyanja. Anzawo a achimwene akamatsika ku Tsangano amatsika ndi galimoto, ena chigayo, ena ngakhale malata. Achimwene anatsika mulole ndi bokosi la galasi lokulungidwa m'mabulangete, ndowa zotseka zodzaza miyala yonyowa, matumba a mchere wosadyeka, ndi tinsomba tiwiri m'majumbo odzaza mpweya. Imeneyo ndiyo inali zikomo ya bwana wawo. Ndinalipo tsiku limenelo. Ndinaona alamu akusuzumira mulole, kenako akusuzumiranso, kufunafuna katundu weniweni. Nkhope imene anachita sindidzaiwala, ndipo ngakhale ndimakangana nawo, pamenepo sindiwaimba mlandu.

Koma thankiyo itaikidwa kuchipinda, pampu itayamba kung'ung'udza, madzi atadekha, chinali chinthu chokongola. Tinsombato tinali tofiirira ngati mango akupsa, tili ndi mizere yoyera ngati tamangidwa mabandeji. Anthu ankati ndi tivi ya nsomba. Achimwene ankati yaikuluyo ndi yaikazi, ndipo ndi imene imalamula.

"Ngati kuno kwathu," ankatero, n'kuyang'ana kukhomo ngati alamu amva.

Miyendo itayamba kutupa, mpweya utayamba kuwathera akangoyenda pang'ono, madokotala a ku boma anawajambula n'kunena kuti ndi mtima. Ndowa sakananyamulanso. Ine ndimayendetsa chigayo pamsika, ndiye Loweruka masana ndinkatseka, kupalasa njinga, kukawagwirira ntchito ya nsomba. Iwo ankalamula ali chigonere, ine ndikuchita.

Ndinkaganiza kuti ntchito yake ndi kudyetsa basi. Ayi. Ntchito yake ndi ndere. Ine ndere ndinkaidziwa imodzi, yoterera ija ya pamwala wa kumtsinje imene imagwetsa amayi ochapa. Achimwene anandionetsa kuti m'madzi a mchere ilipo ya mitundu ingapo, ndipo uliwonse umanena zake.

"Yoderayo, yokhala ngati fodya wa m'mphuno wawazika pagalasi, usaiope," ankatero. "Imabwera thanki ikakhala yatsopano, kapena wathira madzi a pamjigo. Upukute ndi kansalu, ichoka. Ikabwera yobiriwira yaitali ngati ndevu za chimanga, udziwe kuti mwina ukudyetsa kwambiri, mwina dzuwa likulowa. Imeneyo umazula ndi zala, n'kutsuka mwalawo ndi mswachi m'madzi akale amene wachotsa. Osati a pampopi, osati ndi sopo. Miyalayo ndi yamoyo."

"Nanga izi zouma zapinki zamamatira pamwala?"

"Chotsa dzanja! Imeneyo ndi yabwino. Ikamamera ndiye kuti madzi ali bwino. Bwana wanga akanakupeza ukukanda imeneyo, ntchito ikanatha tsiku lomwelo."

Yomaliza sanandionetse chifukwa kunalibe. Anangondiuza. Anati ilipo yofiira, siikhala ndi ulusi, imayala ngati chikopa pamchenga ndi pamiyala, ili ndi timathovu pamwamba pake, ndipo ukaitulutsa imanunkha ngati matope a kudambo. Imabwera madzi akakalamba, zakudya zikuwolera pansi, pampu yafooka. Ikafika, usachedwe: uiyamwe ndi paipi, usinthe madzi, uchepetse chakudya, uphimbe thanki ikhale mumdima masiku angapo.

Ndiye mankhwala a ndere yonse anali amodzi: madzi atsopano. Tinkatunga a mvula otsika padenga, osungidwa m'migolo yotseka, chifukwa achimwene ankati a pamjigo amadutsa pansi pa minda ya kachewere, ndipo feteleza amene amanenepetsa mbatata amanenepetsanso ndere. M'madzi a mvulawo ndinkasungunulamo mchere uja, n'kuponyamo kagalasi koyandama kamene kamaonetsa ngati wakwana. Ndinkachotsa gawo laling'ono la madzi akale, n'kuthira atsopano pang'onopang'ono. Popanda mchere, madzi atsopano kulibe. Popanda madzi atsopano, ndere ndiyo mwini thanki. Zimenezi n'zimene alamu anandipeza ndikuchita.

Azakhali awo anabwera madzulo a tsiku lomwelo. Ndi mayi woonda, wolankhula motsitsa, mlangizi wa atsikana kumpingo. Anayala chitenje pakhonde n'kundiitana ngati mwana wakuba dzira.

"Bambo, muli ndi akazi kunyumba?"

"Mukuwadziwa. Ukwati wake munavina."

"Mumagona zipinda zosiyana?"

"Zimenezo zikukhudza bwanji nsomba?"

"Ndiye kuti ayi. Munthu wotentha, mukugwira mchere ndi manja anu, m'chipinda cha munthu wodwala. Miyendo ikutupa, chifuwa chikubanika. Inu ophunzira, matenda amenewa dzina lake simulidziwa?"

"Dzina lake ndi mtima. Anajambula."

"Mtima amajambula. Tsempho sajambula."

Ndinaseka mokweza, dala. Ndinawafunsa ngati tsempho limeneli limasankha mchere wa m'thumba la ku Kepi kapena wa pamsika. Ndinawafunsa ngati Lamulungu akamavala zoyera n'kumaimba kuti Yesu ndi sing'anga, amakhala akunena za Yesu uti. Ndinanena zambiri, zina sindingalembe. Iwo sanakweze mawu ngakhale pang'ono. Anadikira ndithe, kenako anagamula: mchere usadutsenso pakhomo la nyumbayo, ndipo manja anga asalowenso m'madzi amenewo. Kudzaona wodwala ndizibwera, ndizikhala pampando ngati mlendo aliyense.

Ndinalowa kuchipinda kuti achimwene alankhule. Nyumba ndi yawo, njerwa iliyonse inachokera m'thukuta lawo. Koma dothi limene nyumbayo yaimapo ndi la kwawo kwa alamu, ndipo mkamwini ngakhale amange nyumba yosanja amakhalabe mlendo.

"Asiye, mphwanga," anatero, maso ali kudenga. "Pano ndi pawo. Ndiwonso amanditembenuza."

Ndinakwera njinga osatsazika.

Loweruka lotsatira ndinabwereranso, chifukwa ndikanatani? Ndinakhala pampando, manja ali pamaondo ngati ndili m'khoti, n'kumaonerera thanki ikufa. Sindikudziwa ngati pali chilango choposa kudziwa chochita, manja uli nawo, koma n'kumangoyang'ana.

Choyamba chinali katani. Achimwene ankatseka zenera la kum'mawa kuti dzuwa lisamenye galasi. Amayi a kumpingo obwera kudzapemphera anati wodwala asagone mumdima ngati mleme, ndipo anakankha kataniyo. Chachiwiri chinali chifundo. Kwathu kuno sungaone chamoyo chikukuyang'ana n'kudya wekha. Tinsomba tija munthu akayandikira tinkathamangira kugalasi, ndiye aliyense ankati, "Ii, tanjala iti!" Wina nyenyeswa za sikono, wina kachidutswa ka mandasi, wina ufa wa bonya. Achimwene ankadyetsa kachakudya kochepa kokwana pachikhadabo. Tsopano nsomba zinkadya ngati pa chinkhoswe, zotsala n'kumira pansi.

"Alamu, auzeni asamaponyemo zinthu," ndinatero tsiku lina, ndikuyesetsa kulankhula ngati munthu.

"Ndiwauze alendo odzapemphera kuti asapatse? Kwanu mumatero?"

"Nanga madzi awa mwathira ndi ati?"

"A pamjigo. Anatsika, ndawonjezera. Migolo yanu ija ndachapira zofunda za wodwala. Ndikuzisamala ine nsomba zanuzo, mukufunanso chiyani?"

Ndipo ankanena zoona zawo. Ankazisamaladi, ngati mmene amasamalira nkhuku: chakudya chambiri, madzi odzaza, dzuwa. Izi n'zimene zinkandipweteka kwambiri, chifukwa munthu wankhanza umatha kumutukwana mtima n'kukhala pansi.

Ndere yodera inabwera kaye, galasi n'kuchita ngati lapakidwa utsi. Kenako yobiriwira inaphuka pamiyala ya kumbali ya zenera, yaifupi ngati udzu wongomera, Loweruka linalo yatalika ikugwedezeka, linalo yakulunga kukamwa kwa pampu mpaka madzi anasiya kuyenda bwino. Zapinki zija zinayamba kuyera ngati mafupa. Ndinkawauza achimwene zimene ndikuona, ngati kuti iwo sakuona.

"Yobiriwira yafika pampu."

"Ndamva. Mawu ake asintha."

Ankaidziwa pampuyo ndi khutu.

Kansomba kakang'ono, kakamuna kaja, kanafa mvula itatha. Alamu anakavuula ndi chikombe cha tiyi n'kukaponyera mphaka. Mphaka anakanunkhiza n'kuchoka. Yaikaziyo inatsala yokha, ikuzungulira m'nkhalango yobiriwira, nthawi zina kuoneka, nthawi zambiri ayi.

Chinali chaka cha zisankho. Magalimoto a zipani ankadutsa mumsewu wa ku Tsangano akuimba, akuponya nsalu ndi malonjezo, ndipo ine kuchigayo anandiponyera nsalu ya chipani chimene sindinkachivotera. Ndinaipinda n'kupita nayo, kuti mwina andilole kungophimba thanki, dzuwa lichepe. Kuphimba si kugwira madzi.

Ndinachedwa. Ndinapeza amayi a kumpingo ali pakhonde, osaimba, akunong'onezana. Nditalowa kuchipinda fungo linandiuza ndisanaone. Matope a kudambo. Mchenga wonse wa pansi unali utayalidwa chinthu chofiira chakuda, chakwera miyala, chayamba kukwera galasi, timathovu tili waa pamwamba pake. Ndendende mmene achimwene ananenera.

Azakhali aja analowa pambuyo panga, alamu ali kumbuyo kwawo.

"Mwaona, bambo? Tinkanena ife."

"Ndaona. Ndi ndere."

"Ndere yofiira munaionapo kumtsinje uti? Awa ndi magazi. Munthu akuuma pabedi, bokosi likudzaza magazi. Ophunzira inu, werengerani nokha."

"Magazi a ndani? Ndi mandasi anu awa! Ndi sikono zanu! Ndi dzuwa lanu ndi mjigo wanu! Mwaidyetsa nokha ndere imeneyi, mwaithirira ngati dimba, lero yabereka mukuti ufiti?"

"Sitinati ufiti," anatero alamu. "Mwanena ndinu."

"Ndipatseni tsiku limodzi. Ndowa ziwiri za madzi atsopano, paipi, ndi nsalu iyi. Mudzaone ngati magazi amayamwidwa ndi paipi."

"Ndi mchere?"

"Nanga ndi shuga?"

Pamenepo alamu anaphulika. Anati zaka zonse anagona okha, analima okha, anaika maliro a mwana okha mwamuna ali kosambitsa nsomba za mzungu. Anati atabwerako sanabwere kwa iwo, anabwera ndi akazi ake awiri a m'galasi, ndipo akadzuka moni woyamba ndi wa nsomba. Anati tsopano mwamuna akufa, mlamu sabwera kudzafunsa kuti wagona bwanji, amabwera kudzasuzumira ndere.

Zina mwa zimenezo zinali zoona, n'chifukwa chake zinandiyabwa. Ndinamenya mpando ndi phazi, unakagunda chitseko. Amayi a pakhonde anabalalika. Azakhali sanasunthe.

"Mawa masana," anatero, "anyamata akaweruka kumunda, chinthu ichi chituluke m'nyumba muno. Akakhuthule kudzala. Tatha."

Anatuluka onse. Ndinadzutsa mpando uja, mwendo umodzi utagwedera, n'kukhala pafupi ndi bedi. Dzuwa linali likupendeka. Achimwene anali atatembenuzira mutu ku thanki, monga ankachitira nthawi zonse.

"Ilipo?" anafunsa.

"Ilipo. Ili kuseri kwa mwala waukulu."

"Ine sindikuionanso. Papita nthawi. Ndimangoona zobiriwira, tsopano zofiira."

Anapuma kwa kanthawi, chifukwa mawu ankawadyera mpweya.

"Usawatukwane alamu ako. Sakunama. Koma iwe sukudziwa, iwonso sakudziwa. M'nyumba ya bwana muja ndinkalowera khomo la kuseri. Ndinkatha tsiku lonse osamva munthu akunditchula, kupatula akafuna tiyi. Galu wawo ankandiuwa mpaka anafa ndi ukalamba. Koma ndikalowa pabalaza m'mawa, izi zinkabwera pagalasi. Bwana akalowa zinkabisala. Ine ndikalowa zinkabwera."

"Zinkafuna chakudya, achimwene."

"Ndikudziwa. Nanga ana ako akamakuthamangira umati akufuna chiyani?"

Anafuna kuseka, chifuwa chinawakaniza.

"Sindikupempha zambiri, mphwanga. Ndikungofuna ndiziiona. Ndikatembenuka, ndiziipeza. Kumene ndikupitako ndikudziwa, anthu a ku boma aja sanandibisire. Koma kuti aikhuthulire kudzala ine ndili maso, ndikumva ndowa zikudutsa…"

Ine sindinalonjeze kanthu, chifukwa ndinalibe choti ndilonjeze. Kuitengera kwanga kukanaipulumutsa nsombayo, koma iwo sakanaionanso, ndiye phindu lake n'chiyani? Kuisiya m'chipinda anali atakana. Potuluka ndinazungulira kuseri kukatenga njinga, n'kudutsa pa zenera linalo la chipindacho, laling'ono, loyang'ana kum'mwera, kumene denga limatsika ndipo dzuwa silifika. Pansi pake panali mulu wa njerwa zotsala pomanga. Ndinaima pamenepo kanthawi. Mphepo ya Meyi inali itayamba kale kuluma makutu.

M'mawa mwake chigayo sindinatsegule. Ndinamangirira panjinga zigubu ziwiri za madzi a mvula a mu mgolo wa akazi anga, paipi, lezala, mswachi, waya wamagetsi wautali, bulangete langa ndi nsalu ya chipani ija. Ndinapeza alamu akusesa pabwalo.

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

"Mwabweranso ndi chiyani?"

"Azakhali anati chituluke m'nyumba. Ndabwera kudzachitulutsa."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana zigubu.

"Mchere uli kuti?"

"Uli m'shedi mmene munauponya. Pakhomo panu sudutsa. Pabwalo sanaletse."

"Manja anu anakuletsani."

"M'chipinda cha wodwala. Ndiye mukufuna anyamata aja adzaswe galasi pafupi ndi bedi?"

Anapitiriza kusesa malo amene anali atasesa kale.

Ndinayamba ndi njerwa. Ndinazisanja pansi pa zenera laling'ono lija mpaka zinafika pa msinkhu wake, n'kuikapo chitseko chakale cha khola, n'kuyesa ndi mbale ya madzi kuti chisapendekeke. Kenako ndinakhala pakati pa bwalo, poonekera aliyense wodutsa, n'kusungunula mchere m'ndowa ndi mkono wanga wotenthawo. Amayi awiri opita kumjigo anaima kuonerera. Ndinawafunsa ngati akufuna kulawa.

M'chipinda ndinalowa ndi paipi ndi ndowa zopanda kanthu. Achimwene anali maso. Ndinayamwa paipi, madzi owawa anandilowa m'kamwa, ndinalavula. Madzi a pamwamba, oyera pang'ono, ndinawasunga. Nsomba ndinaigwira ndi mbale, inali yowonda mutu, mizere yake itachita mbuu, koma inamenya mchira. Ndinaiika m'ndowa yake. Kenako ndinatsitsa paipi pansi, ndipo chofiira chija chinayamba kusendeka ngati chikopa cha pa phala, chikulowa m'paipi nsanzansanza. Ndinanyamula ndowa imeneyo kukaiika pamaso pa alamu.

"Magazi anu awo. Nunkhizani."

Anatembenuza nkhope.

Miyala ndinaitulutsa umodziumodzi, kuzula ndevu zobiriwira ndi zala, kutsuka ndi mswachi m'madzi akale. Pampu ndinaimasula, m'kati mwake munali ngati chisa cha mbalame. Galasi ndinalipala ndi lezala mpaka linalira. Litatsala lopanda kanthu ndinayesa kulinyamula ndekha, linakana. Ndinayesanso, msana unandichenjeza. Ndili chiweramire ndinaona manja ena agwira mbali inayo. Anali alamu. Musaganize kuti ankandithandiza ine. Ankafuna chituluke msanga. Tinadutsa nacho pakhomo chammbali, osayang'anana, osalankhulana, kupatula pamene anati, "Samalani chitseko changa."

Titachikhazika panjerwa anapukuta manja m'chitenje n'kubwerera ku tsache lawo. Ine ndinabwezeramo mchenga wotsuka, miyala, madzi akale amene ndinasunga, kenako atsopano pang'onopang'ono, kagalasi koyandama kakundiuza. Waya ndinaudutsitsa pakona ya zenera, wa pampu ndi wa kachitsulo kotenthetsa madzi. Pampu inayamba kung'ung'udza ndi mawu ake akale. Madzi atadekha ndinatsitsamo nsomba.

Ndinkadziwa chimene ndachita. Nsomba imeneyi ndi ya kunyanja yofunda, ndipo kuno Juni akafika madzi a m'ndowa amaluma mano. Kachitsulo kaja kanapangidwira pabalaza pa mzungu, osati kuseri kwa nyumba ku mapiri a Ntcheu, kumene magetsi amazima osatsazika. Ndinali nditaichotsa m'kamwa mwa ndere n'kuipereka kwa chisanu. Chimene sindinkadziwa n'chakuti pakati pa iyo ndi mwini wake, adzayambe ndani.

Thankiyo ndinaikulunga mbali zitatu ndi pamwamba ndi nsalu ya chipani, nkhope ya mtsogoleri wake itayang'ana kukhola, n'kuphimba ndi bulangete, n'kumanga ndi chingwe cha njinga. Achimwene anandiphunzitsa kuti yofiira ikabwera uphimbe thanki yonse. Mbali yachinayi, yoyang'ana zenera, ndinaisiya.

Ndinalowanso m'nyumba, manja nditasamba ndi sopo pamaso pa alamu kuti asanene. Ndinakankha bedi mpaka kukhoma la kum'mwera, ndinawadzutsa achimwene n'kuwatsamiritsa pamapilo onse, a kumiyendo omwe. Panali zitsulo za pazenera, galasi la zenera, galasi la thanki. Anayang'ana nthawi yaitali, akupuma ngati munthu wokwera phiri.

"Zenerali n'lakuda," anatero.

Ndinavula shati, n'kupukuta.